Roja wa M'chipinda Chakumbuyo

Nyumba ija sinali ya Hadija, ngakhale anthu a ku Suwoguru, dera lina la m'tauni ya Mvurwi, ankangoti kwa Mai Latifa. Inali ya zipinda zinayi, yokhala ndi mpanda wa waya ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Mwini wake anali Samson Mupariwa, mphunzitsi amene anatopa ndi choko n'kupita ku Joni. Tsiku lopereka makiyi, zikwama zake zili kale m'galimoto, Samson anaima pakhomo n'kubwereza mawu amodzimodzi katatu.

"Sindifuna maroja muno, Mai Latifa. Rendi ndakuchepetserani kuti mundisungire nyumba. Maroja amapha nyumba."

Hadija anavomera, ndipo tsiku limenelo anavomeradi ndi mtima wonse. Iye anabadwira pa pulazi ya fodya ya kumsewu wa ku Guruve, kumene bambo ake, Che Juma, anafikira ali mnyamata kuchokera ku Mangochi. Anakulira m'komboni, anakwatiwira m'komboni, ndipo mwamuna wake Zakaria anamuika m'manda a komweko. Pulazi itagawidwa anatha zaka akuyenda m'maricho, kupalira ndi kuthyola fodya m'minda ya eni atsopano, mpaka msana unakana. Choncho nyumba ya m'tauni ya Mvurwi, ya mpopi pabwalo ndi chitseko chokiya, sankaiona ngati chinthu choseweretsa.

Koma masamusa amene ankagulitsa pamsika sankaifikira rendi ija. Chaka chisanathe analowetsa roja woyamba, munthu wolipira chipinda, akudziuza kuti ndi wa miyezi iwiri yokha. Kenaka inafika nyengo yogulitsa fodya. Kuyambira Malichi tauni ya Mvurwi imasefukira: madalaivala a malole, amayi osankha fodya, alonda, ophika sadza, nsima ya kumeneko, onse akufuna pogona. Hadija anakokera bedi lake m'chipinda chochezera n'kubwereketsa zipinda zitatu zonse.

Zaka zimenezo zinamukomera. Anagula firiji yakale n'kuyamba kugulitsa mafirizi kwa ana a sukulu. Mwana wake Latifa atapeza mwamuna wa ku Darwendale, ukwati unachitika mwaulemu, mpunga ndi nkhuku zinatsala m'mapoto. Amayi a kumzikiti amene kale ankamuyang'anira pansi anayamba kumusungira malo pamphasa ya kutsogolo.

Zowawa nazo zinalipo. Roja wina anaphika nkhumba mumphika wake iye ali kumsika, ndipo mphikawo anautaya akulira. Dalaivala wina, dzina lake Jealous, anagwetsa mpanda pobweza lole, n'kusowa asanaukonze. Banja lina linkamenyana Loweruka lililonse mpaka linathyola chitseko. Koma cholemera kuposa zonse chinali bodza. Mlongo wake wa Samson, Mai Tafadzwa, ankabwera kawiri pachaka kuchokera ku Bindura kudzayendera nyumba. Mwamwayi ankayamba waimba foni, chifukwa ankakonda kupeza tiyi ali pamoto. Ndiye roja aliyense polowa ankaphunzitsidwa chonena: uyu mwana wa achimwene, uyo mlamu, winayo wangobwera kuchipatala. Mai Tafadzwa ankaseka n'kunena kuti, "Inu a ku Malawi, abale simusowa ayi."

Amene anakhalitsa anali Shylet, mayi wachitsikana wa ku Guruve. Nthawi ya fodya ankasankha masamba kumalo ogulitsira, fodya akatha ankaluka tsitsi pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Anatha zaka zitatu m'nyumbamo. Ankadyera limodzi ndi Hadija, ankabwerekana mchere ndi zitenje, ndipo Chichewa anachitola mpaka kumatha kuseka nacho.

A Mateyu anafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mutu, akukankha njinga yomangirira bokosi lachitsulo. Hadija anawazindikira adakali kugeti. Anali dalaivala wa thirakitala pa pulazi ija zaka makumi atatu, ndipo ndi amene ankanyamula ana a m'komboni pa ngolo kupita nawo kusukulu mvula ikagwa. Tsopano anali atauma, jekete likulendewera m'mapewa.

"Mwana wa Che Juma," anatero atamwa madzi, "andichotsa. Mwini malo akuti nyumba ya m'komboni ndi ya munthu wogwira ntchito m'munda. Ine khasu sindingalithenso. Ndamva kuti uli ndi chipinda."

Chipinda chinalipodi, chakumbuyo, choyang'anizana ndi mtengo, chifukwa fodya anali atatha. Koma Hadija anazengereza.

"Bambo, nanga muzidya chiyani kuno kutauni?"

"Manjawa akadali ndi nzeru. Njinga ndimakonza, mapampu ndimakonza. Sindidzakulemetsa."

Hadija ankadziwa kuti akazi awo anamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Mozambiki zaka zambiri zapitazo osamvekanso. Anawauza kuti adikire pakhonde, iye n'kulowa kukhitchini. Shylet anamutsatira.

"Mai Latifa, musatero," ananong'ona. "Sekuru awa alibe munthu. Akadwala mudzatani? Roja wabwino ndi woti akavuta umangomuuza kuti nyamuka."

"Ankadya mbale imodzi ndi bambo anga."

"Ndiye chifukwa chake simudzatha kuwachotsa."

Hadija anatenga kiyi pa msomali n'kutuluka nayo.

Miyezi yotsatira anaona ngati wachita bwino. A Mateyu anaimika mpanda umene Jealous anagwetsa. Anakonza mpopi umene unkadontha chilowereni chake m'nyumbamo. M'mawa ankakhazika zitsulo zawo pageti, njinga za anthu zikubwera imodziimodzi, ndipo madzulo ankakhala pakhonde n'kumalankhula Chinyanja chakale chija, chimene Hadija anali asanachimvenso bambo ake chimwalirireni. Ankatchula mayina a minda ya pa pulazi, mayina a akapitawo, chaka cha dzombe, chaka chimene chigafa cha fodya chinapsa. Mai Tafadzwa atabwera mu Disembala, Hadija anati awa ndi bambo ake aang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba bodzalo silinamuwawe pakamwa.

Chifuwa chinawayamba mu Meyi, kuzizira kutalowa. Hadija anapita nawo kukiliniki kawiri, anawapatsa mapiritsi, koma sanasinthe. Anasiya kutulutsa zitsulo pageti. Hadija ankawaphikira phala asanapite kumsika, pobwera n'kulipeza lili chomwecho. Nyumba inali itadzazanso, chipinda chapakati muli amayi awiri osankha fodya, ndipo ankadandaula kuti kutsokomolako kukuwasowetsa mtendere.

Lachitatu lina mu Juni, chisanu chili mbuu pa udzu, Hadija anagogoda ndi mbale ya phala koma sanayankhidwe. Anakankha chitseko. A Mateyu anali chogona chammbali, bulangete lili m'khosi, nsapato zili bwinobwino pansi pa bedi. Anawagwira pamphumi n'kupeza pazizira kale. Anaika mbale pansi, anawatseka maso, n'kukhala pa bokosi lachitsulo lija. Misozi inachedwa kubwera. Chimene chinayamba kubwera ndi mantha, ndipo anachita nawo manyazi.

Apolisi anabwera chakumasana, analemba zolemba zawo, mtembo n'kupita kumochale. Mawa lake Hadija anapita kuofesi ya pachipatala atanyamula chitupa cha a Mateyu, chachitsulo chakale chija. Kalaliki anachitembenuza n'kumuyang'ana.

"Ndinu wachibale?"

"Ndikufunsa chifukwa pafunika wosainira," anatero kalaliki uja mosakalipa. "Ngati palibe wachibale, musavutike. Musiyeni. Akhala m'mochale mpaka boma lidzaike lokha pamodzi ndi ena osowa abale. Zimatenga miyezi, koma inu sizikukhudzani."

Njira inali imeneyo, yotseguka. Akanangoti anali munthu wodziwana naye chabe, n'kubwerera kunyumba, kutsuka chipinda, kulowetsa roja wina sabata isanathe. Samson sakanamva kanthu. Hadija anayang'ana chithunzi cha pachitupa, cha mwamuna wa tsitsi lakuda ndi khosi lonenepa, monga ankaonekera pa thirakitala.

"Ndi bambo anga aang'ono," anatero. "Ndisainira ine."

Pochoka apo anapita kwa Che Salimu, wogulitsa mbuzi amenenso anali mkulu wa kumzikiti. Che Salimu anamvetsera akusisita ndevu.

"Kumanda kwathu sangalowe, mukudziwa, anali wa tchalitchi. Koma galimoto yanga ilipo, ndipo anyamata okumba ndiwapeza. Kafunseni a mpingo wake."

Hadija anakwera mushikashika, kagalimoto ka matola, mpaka pa pulazi ija. M'komboni munali mutatsala mabanja ochepa a anthu akale. Anapeza a Annie, mayi wachikulire amene ankapemphera limodzi ndi a Mateyu, akusankha fodya pansi pa shedi. Atamva uthengawo anavula duku n'kuphimba nalo kumaso. Awiriwo anapita kwa mwini malo watsopano. Iye sanakanize manda. Anati aikidwe pafupi ndi akazi awo, palibe vuto. Koma za maliro m'komboni anakana.

"Nyumba yake muli banja lina tsopano. Ndiponso fodya wanga ali pa shedi, sindifuna chigulu cha anthu ndi moto usiku. Bwerani naye molunjika kumanda."

Ali m'njira yobwerera a Annie anaima n'kumugwira Hadija pamkono.

"Munthu sachoka kumochale n'kulunjika kudzenje ngati galu wogundidwa pamsewu. Ayenera kugona m'nyumba, timuimbire, atuluke pakhomo. Kwanu kuja si kumene amakhala?"

"Nyumba si yanga, mayi."

"Nanga ife tonse, ndani ali ndi yake?"

Hadija anafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kuwauza maroja ake kuti mawa mtembo ubwera. Amayi awiri a chipinda chapakati anangoyang'anana, n'kunena kuti akagona kwa anzawo. Shylet anadikira kuti atsale awiri.

"Mwapenga, Mai Latifa? Msewu wonse uona. Mwini nyumba amva tsiku lomwelo."

"Amve."

"Mukuti amve! Inu muli ndi mwana ku Darwendale. Ine ndipita kuti? Munthu wafa kale, sakumva kanthu. Ife amoyo ndi amene tigone panja."

"Ndasaina kale, Shylet."

Shylet analowa m'chipinda chake n'kutseka chitseko.

Bokosi anakhoma amuna awiri a m'komboni ndi matabwa a shedi yakale. Lachisanu masana galimoto ya Che Salimu inafika nalo pageti. Hadija anali atatulutsa bedi ndi mipando yake, chipinda chochezera chili mbee. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ankayembekezera. Ena anachokera ku mapulazi a kutali, okalamba amene anamva pafoni kuti Mateyu wa thirakitala wapita. Amayi a tchalitchi anakhala mozungulira bokosi, amayi a kumzikiti anagwira mapoto kuseri, ndipo nyimbo za Chichewa zinamveka mpaka kumashopu. Anthu a mumsewu anaima m'mipanda mwawo kuonerera, ena atakweza mafoni.

Loweruka m'mawa, amuna akukonzeka kunyamula bokosi, Mai Tafadzwa anatulukira pageti. Ulendo uno sanaimbe foni. Anaima pomwepo, chikwama chili m'khwapa, akuyang'ana phulusa la moto pabwalo ndi anthu odzaza khonde. Hadija anapita kukamulonjera.

"Nchiyani ichi, Mai Latifa?"

"Ndi maliro, mayi. Ndikupemphani, tiyambe taika. Tikabwerako mundifunse chilichonse."

Mai Tafadzwa anatsegula pakamwa, koma bokosi linali litafika kale pakhomo, amayi akuimba pambuyo pake. Anapatuka n'kuweramitsa mutu mpaka linadutsa.

Anawaika a Mateyu pafupi ndi akazi awo, m'manda omera udzu kuseri kwa damu la pa pulazi. Mizere iwiri kuchokera pamenepo panali manda a Zakaria ndi a Che Juma, mbali ya Asilamu. Hadija anazulako udzu pang'ono anthu akukwirira, koma sanakhalitse.

Atabwerera anapeza Mai Tafadzwa atakhala pa mpando pakhonde, tiyi amene wina anamupatsa atazizira osamwedwa.

"Ndifunseni tsopano," anatero Hadija, atakhala pansi pa simenti.

"Munandiuza kuti ndi bambo anu aang'ono. Ndikufuna mundiuzenso lero, mukundiyang'ana."

"Anali roja. Anali mnzawo wa bambo anga, koma magazi ayi. Ndipo onse amene mwakhala mukuwapeza muno anali maroja."

"Ndikudziwa. Shylet anandiuza zonse Lachinayi." Mai Tafadzwa anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndimamwa tiyi wanu mukundiseka."

"Sindinakusekeni. Ndinkaopa."

"Za maroja tikanakambirana. Koma mutorwa, munthu wachilendo wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe, kufera m'nyumba ya mchimwene wanga, n'kugonamonso mtembo! Kwathu zimenezi sitizitenga mopepuka. Mzimu wake ukasowa kolowera udzatsata ndani? Ana a Samson adzagona bwanji muno?"

"Taika bwino, mayi. Tamuimbira, wagona pafupi ndi mkazi wake. Alibe chodandaula."

"Zimenezo mukudziwa ndinu."

Mai Tafadzwa anaimbira Samson foni n'kuikweza mawu. Samson sanakalipe, ndipo Hadija akanakonda akanakalipa.

"Mai Latifa, nyumba imeneyo ndinamanga ndi malipiro a uphunzitsi, njerwa imodziimodzi. Kuno ndimagona m'kachipinda ka malata kuti ana anga adzakhale ndi pofikira. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

"Ndalakwa, bambo. Pa maroja ndalakwa."

"Nanga pa malirowa?"

Hadija anayang'ana phulusa la pabwalo.

"Pamenepo sindingapepese. Mundikhululukire, koma sindingathe."

Kenaka Samson anati mwezi ukatha makiyi aperekedwe kwa mlongo wake.

Sabata yotsatira Mai Tafadzwa anabwera ndi mneneri wa zovala zoyera, amene anawaza madzi m'zipinda zonse n'kukhoma chipinda chakumbuyo ndi loko watsopano. Tsiku lomwelo Hadija anamva kuti nyumba aisiya m'manja mwa Shylet, ndipo Samson wavomera kuti zipinda ziwiri zizikhala ndi maroja, bola rendi yawo izipita kwa iye. Anapeza Shylet akuchapa pampopi.

"Unakandinenera."

Shylet sanadzutse mutu. "Akanamvabe. Msewu wonse unajambula. Ndinangoti ndiyambe ine, kuti asandithamangitse pamodzi ndi inu."

"Zaka zitatu tikudya mbale imodzi."

"Ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe, Mai Latifa. Simunandimvere." Anafinya chovala chimene ankachapa. "Mayi anga ndi ana anga awiri ku Guruve amadya za m'manja mwangamu. Mukanakhala ine mukanatani?"

Hadija anafuna kumutukwana, koma anadziletsa. Anatunga madzi ake n'kubwerera m'nyumba, ndipo masiku otsalawo ankaphika aliyense payekha.

Kupeza chipinda kunavuta. Fodya anali asanathe, malo onse odzaza, ndipo mbiri yake inali itamutsogolera. Mayi wina anamuuza pageti pomwe kuti safuna munthu wobweretsa mitembo. Bambo wina anamufunsa ngati ali ndi achibale ena okalamba amene angamutsatire. Latifa anaimba foni akulira ndi ukali.

"Amayi, mwataya nyumba chifukwa cha munthu amene si m'bale wathu n'komwe! Bwerani kuno ku Darwendale basi."

"Ndikakhale pakhomo pa mkamwini, ndizipempha sopo? Ayi, mwanangu. Msika wanga uli kuno."

"Ndiye mukagona kuti?"

"Ndipeza."

Chipinda anachipeza kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, kuseri kwa chigayo, pa nyumba ya mayi wina wotchedwa Mai Bright. Chinali chipinda chimodzi mwa zisanu ndi zitatu zomangidwa mondondozana, zenera lake laling'ono, khoma likunjenjemera chigayo chikalira. Che Salimu anamunyamulira katundu. Zambiri sizinalowe, ndipo mipando anaisiya kwa mnzake wa kumsika.

Asanamalize n'komwe kuyala bedi, Mai Bright anafika pakhomo ndi tsache ndi chidebe.

"Pano tili ndi malamulo, Mai Latifa. Alendo ogona ayi. Kuphika ndi panja. Chimbudzi timatsuka mosinthana, ndipo chipinda chanuchi tsiku lake ndi Lachinayi."

"Lero ndi Lachinayi," anatero Hadija.

"Eya, ndi chifukwa chake ndabwera nazo."

Hadija analandira tsache ndi chidebe. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kufunsa kumene amatunga madzi.